Njira ya m'Phiri: Kodi Tiyende pa Liwiro la Yani?

1. Dziko lathu ndi la zitunda

Ife a kumwera kwa Niassa tinabadwira pakati pa mapiri. Munthu akaima m'tauni ya Cuamba, maso ake amagunda phiri la Mitucué. Ndi phiri la miyala ikuluikulu, ndipo nsonga yake inatalika mamita pafupifupi 1,800 kucokera pa madzi a nyanja yamcere. Kucoka ku Cuamba kukafika ku Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo mbali yaikulu ya dzikolo ndi cidikha. Koma tikapitirira Mandimba ndi kulowa m'boma la Ngauma, msewu umayamba kukwera. Umadutsa pa Massangulo, m'tsinde mwa phiri, pamene ansembe a Consolata anakhazikitsa misyoni mu 1928. Umakwerabe mpaka ku Lichinga, kumene mphepo ya Juni imalowa m'mafupa.

Msewu waukulu tili nao. Njanji tili nayo. Sitima inafika ku Lichinga mu 1969, inaleka kwa zaka zambiri, ndipo inayambanso kuyenda mu 2016. Koma msewu ndi njanji sizifika pakhomo pa munthu aliyense. Ambiri a ife timayendabe pansi. Timakwera zitunda ndi thumba la cimanga pamutu. Timatsika makwawa ndi mwana kumbuyo. Timadutsa m'zigwembe popita kucipatala, kumsika, kuukwati ndi kumaliro.

Pa maulendo otere sitiyenda tokha. Timayenda gulu. Ndipo m'gulu lililonse muli wina wa miyendo yopepuka ndi wina wa miyendo yolemera. Pa cidikha kusiyana kwao sikuoneka kwenikweni. Koma njira ikaimirira, gulu limatambasuka ngati cingwe. Wina ali kale pamwamba, wina akali pansi akupuma wefuwefu.

Apa ndi pamene pali funso lathu. Kodi gulu liyende pa liwiro la yani? La wothamanga, kapena la wocedwa? Funsoli likuoneka laling'ono. Ifenso tinali kuliyesa laling'ono, kufikira tsiku limene tinalakwa.

2. Tsiku limene tinalakwa

Caka cina, m'mwezi wa Okutobala, uthenga wa maliro unafika m'mudzi mwathu usiku. Anamwalira ndi bambo wina wa kuseri kwa phiri. Mwambo wa kumeneko ndi kuika maliro msanga. Wamthenga anati, “Dzuwa likapendeka mawa, tikaika.”

Njira zopitira kumeneko ndi ziwiri. Ina imazungulira phiri, ndipo imadya tsiku lathunthu. Ina ndi yacidule. Imalowa m'khwawa louma ndi kukwera molunjika mpaka pa mpata wa phiri. Tinasankha yacidule.

Tinalipo asanu ndi atatu: amuna atatu, akazi atatu, mtsikana wa zaka khumi ndi agogo ake. Agogowo anali mlongo wao wa malemuwo, obadwa mimba imodzi. Amuna tinanyamula makasu okumbira manda. Akazi anasenza ufa ndi nyemba. Agogo naonso anasenza kamtanga ka ufa, pakuti anati sangalowe pa maliro a mlongo wao cimanjamanja.

Tinacedwa kunyamuka. Pamene tinalowa m'khwawa, dzuwa linali litakwera kale. Mbali zonse ziwiri kunali makoma a miyala, otalika kuposa mlambe. Mphepo sinali kulowamo. Mcenga unali kuocha mapazi, ndipo nyenje zinali kulira mosalekeza. Pamene khwawa linathera, njira inaimirira. Pena tinali kugwira mizu ndi manja. Pena timiyala tinali kugumuka pansi pa mapazi athu.

Mmodzi wa ife anati, “Acimwene, tiyeni tifulumire. Manda sadzikumba okha.” Anali kunena zoona. Tinaonjeza liwiro. Akazi naonso anaonjeza liwiro, kuti ufa ukafike nthawi yophika isanapite. Palibe ananena kuti, “Tiyeni tiwasiye agogo.” Mau amenewo sanatuluke pakamwa pa munthu. Amuna tinaganiza kuti akazi ali nao. Akazi anaganiza kuti mdzukulu ali nao. Aliyense anatula nkhawa yake pa mnzake.

Tinafika pa mpata ndi kukhala pansi pa mtengo wa masuku. Tinamwa madzi. Pamenepo ndi pamene tinawerengana. Tinalipo asanu ndi mmodzi. Tisanaganize cocita, tinamva mau a mwana kumunsi. Mtsikana uja anali kukwera yekha, akulira. Anati, “Agogo agwa. Sakuyankha bwino.”

Tinatsikanso. Tinawapeza atatsamira mwala, milomo itauma, maso akucita cidima. Botolo lao linali lopanda kanthu, cifukwa madzi otsiriza anapatsa mdzukulu. Tinawanyamulira pamthunzi. Tinanyowetsa nsalu ndi kuwapukuta kumaso ndi m'khosi. Tinawapatsa madzi pang'onopang'ono, kenaka thobwa. Patapita nthawi anayamba kulankhula bwino. Tinawabereka mosinthana mpaka pamwamba.

Tinafika kumudziko anthu akubwera kumanda. Makasu athu sanagwire nchito. Agogo sanaone nkhope ya mlongo wao.

Usiku umenewo tinapita kukapepesa. Iwo anati, “Ana anga, kuthamanga kwanu sindikukudandaula. Munabadwa ndi miyendo. Cimene cikundiwawa n'cakuti palibe anaceuka.”

3. Othamanga naonso ali ndi mau

Tisafulumire kuweruza. Munthu wothamanga si woipa nthawi zonse. Tiyeni timumvere.

Iye akuti: “Nthawi siidikira munthu. Sitima ikafika pa siteshoni siifunsa ngati agogo afika. Msika umatha. Dzuwa limalowa, ndipo mdima ukatipeza m'phiri tonse tili pangozi. Kodi n'cilungamo kuti anthu asanu ndi awiri ataye ulendo cifukwa ca munthu mmodzi?”

Akutinso: “Taganizani za mai amene wabvutika pobereka, ndipo tamunyamula pa macila kupita kucipatala. Kodi tiime m'njira kudikira apongozi amene akutsalira? Tikaima, mai afa, mwana afa.”

Mau amenewa ndi olemera. Sitingawataye. Zoonadi ilipo nthawi imene kudikira kumapha. Ndiponso lilipo khwawa limene siliyenera kucedweramo. M'nyengo ya dzinja mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsika mwadzidzidzi m'khwawa louma, ngakhale pamene taimapo pali dzuwa. Madzi saiwala khwawa. Wocedwa pamenepo amaika anzake onse pangozi.

Cotero yankho lakuti “tizingodikira basi” silokwanira. Tiyenera kuganiza mozama.

4. Cimene phiri limacita ndi thupi

Poyamba tidziwe cimene citunda cimacita ndi munthu. Munthu wina wa ku Scotland, dzina lake William Naismith, anali wokonda kukwera mapiri. Mu 1892 anapereka njira yowerengera nthawi ya ulendo. Anapeza kuti munthu wamphamvu amayenda makilomita 5 pa ola limodzi, koma pa mamita 600 alionse okwera tiyenera kuonjezapo ola lina. Okwera mapiri amagwiritsabe nchito kawerengedwe kameneka. Koma tikumbuke kuti iye anali kunena za munthu wamphamvu. Nkhalamba, mai wapakati, munthu amene wangocira malungo, kapena wosenza thumba, amafuna nthawi yoposa pamenepo.

Ndiye kuti njira yacidule m'maso ikhoza kukhala yaitali m'miyendo. Ife tinayesa njira ndi maso. Sitinaiyese ndi miyendo ya agogo.

Caciwiri ndi kutentha. Pokwera, thupi limatulutsa thukuta lambiri. Thukuta limacotsa madzi ndi mcere m'thupi. Munthu amayamba kumva mutu ndi cizungulire. Minofu ya miyendo imakokana. Akapitiriza, nzeru zimasokonezeka, ndipo akhoza kufa. Coopsa n'cakuti munthu wotere sadziwa kuti ali pangozi. Sangathe kudzisamala. Amafuna wina womuona, womuika pamthunzi, womunyowetsa ndi kumupatsa madzi.

Cacitatu ndi miyala. Amene ali pamwamba akaponda mwala wogwedera, mwalawo umatsikira kwa amene ali pansi. Gulu likayenda mothithikana, mwala sukhala ndi mpata wopeza liwiro. Gulu likatambasuka, mwala umafika kwa womalizira uli ndi ukali.

Tikuona tsono kuti pa citunda kusiya munthu m'mbuyo si cimodzimodzi ndi kumusiya pa msewu wa cidikha. Pa msewu adzadutsa wanjinga. M'khwawa mukhoza kupita tsiku lonse osadutsa munthu. Akulu anati: ali awiri ndi anthu, kali kokha n'kanyama.

5. Zimene njira zathu zinaona

Njira za dziko lino ndi zakale, ndipo zinaona maulendo a mitundumitundu.

Kale munali kudutsa magulu a malonda a minyanga ndi akapolo, opita ku gombe la nyanja yamcere, ku Kilwa ndi kwina. Mu 1866 David Livingstone anatsata mtsinje wa Rovuma, nafika kwa mfumu Mataka ku Mwembe, natsikira ku nyanja ya Niassa. M'buku la ulendo wake analemba kuti m'njira anapeza mtembo wa mkazi womangidwa kumtengo. Anthu a kumeneko anamuuza kuti mkaziyo anali kapolo amene analephera kuyenda pa liwiro la anzake. Mwini wake sanafune kuti munthu wina amutole akapezanso mphamvu. Ulendo umenewo unali ndi lamulo limodzi: katundu afike. Munthu wotopa anali ngati mtolo wothyoka.

Pambuyo pake kunabwera Kampani ya Niassa, imene inalamulira dera lino mpaka 1929, ndiponso boma la Apwitikizi. Akuluakulu ao anali kuyenda pa macila. Makolo athu anali kuwanyamula pamapewa, kukwera nao zitunda ndi kuoloka nao mitsinje. Pa ulendo wotere liwiro linali la munthu amene sanali kuponda pansi. Iye sanali kudziwa kulemera kwa citunda, cifukwa anali kucikwera ndi miyendo ya anthu ena.

Ndipo ambiri a ife tikukumbuka nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. A ku Mandimba ndi ku Ngauma anali kudutsa m'tinjira ta m'thengo, usiku, kulowera ku Mangochi. Ena anabereka makolo ao kumbuyo ngati makanda. Ena anakakamizika kubisa nkhalamba pa chire, ndi kuisiyira madzi ndi kacakudya, poganiza kuti adzabwera kudzaitenga. Alipo amene anabweradi. Alipo amene sanathe. Anthu amenewa sitiwaweruza. Amene akuthawa mfuti sasankha liwiro lake. Mlandu uli ndi amene anali kuwapirikitsa.

Kodi maulendo atatuwa akutiphunzitsa ciani? Pa ulendo wa akapolo, wocedwa anatayidwa cifukwa ca phindu. Pa ulendo wa macila, wocedwa anakalipiridwa ndi munthu wogona. Pa ulendo wa nkhondo, wocedwa anasiyidwa cifukwa ca mantha a imfa. Nanga ife, tsiku lija, tinali ndi cifukwa cotani? Panalibe mfuti. Panalibe cikoti. Tinali anthu a mfulu, pa njira yathu, ndi mai wathu. Tinamusiya cifukwa ca kusaganiza cabe.

6. Kumaiko ena amatani?

Funso limeneli si lathu lokha. Kuli maiko a cipululu kumene anthu amalowa m'zigwembe zazikulu, osati cifukwa ca maliro kapena msika, koma kuti akaone kukongola kwake.

Kumwera kwa dziko la Namibia kuli cigwembe ca mtsinje wa Fish River. N'cotalika makilomita pafupifupi 160, ndipo pena n'cakuya mamita 550. Alendo amatsikiramo ndi kuyenda makilomita pafupifupi 85, masiku anai kapena asanu, atanyamula cakudya cao. Njirayo amaitsegula kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala, cifukwa miyezi ina kumatentha koopsa ndipo madzi akhoza kusefukira. Munthu aliyense amaonetsa kalata ya dokotala yonena kuti thupi lake lili bwino. Ndipo saloleza gulu la anthu ocepera atatu. Nzeru yake njoonekeratu. Mmodzi akabvulala, waciwiri amakhala naye, wacitatu amapita kukaitana thandizo.

Ku America, m'dera la Arizona, kuli cigwembe cochuka cochedwa Grand Canyon. Mtsinje wa Colorado unacikumba kwa zaka zosawerengeka, ndipo kuya kwake ndi mamita pafupifupi 1,600. Taganizani phiri lalikulu litazondoka kulowa pansi. Kumeneko ulendo umayamba ndi kutsika. Munthu amatsika mosangalala, miyendo ili yopepuka, osadziwa kuti kumunsi n'kotentha kuposa kumtunda. Nchito yeniyeni imayamba pobwerera, madzi atacepa, thupi litatopa. Oyang'anira malowo amacenjeza kuti kukwera kumadya nthawi yowirikiza kawiri kuposa kutsika. Amalangizanso anthu kuti asayese kukafika kumtsinje ndi kubwerera tsiku limodzi. Ndipo ambiri mwa amene amakawapulumutsa si nkhalamba ai. Ndi anyamata amphamvu, amene anakhulupirira miyendo yao.

Anthu amenewa ali ndi nsapato zabwino, mapu ndi mankhwala. Komabe anafika pa nzeru yomwe agogo athu anali nayo kale: pa njira yoimirira munthu sayenda yekha, ndipo wamphamvu wa m'mawa akhoza kukhala wofooka wa madzulo.

7. Kodi wamphamvu ali ndi ngongole?

Wina angafunse kuti: “Mphamvu ndi zanga. Cifukwa ninji ndizilipira kufooka kwa mnzanga?”

Tiyankhe motere. Coyamba, mphamvu si zathu mpaka kale. Mnyamata amene anathamanga tsiku lija anadutsapo kale pa njira yomweyo ali kumsana kwa mai wake. Panthawiyo wocedwetsa ulendo anali iye. Anali kulira, anali kufuna kuyamwa, ndipo gulu linali kuima. Mtsogolo adzacedwetsanso ulendo, mwina cifukwa ca ukalamba, mwina cifukwa ca phazi lobinya. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Koma yankho limeneli palokha silikwana. Likumveka ngati malonda: ndikudikira lero kuti udzandidikire mawa. Nanga munthu amene sadzatha kutibwezera? Nanga mlendo amene tangokumana naye m'njira, ndipo sitidzamuonanso? Kodi ameneyo timusiye?

Tiyeni tibwerere ku ulendo wathu, tidzifunse: kodi tinali kupita kukatani? Tinali kupita kukalira ndi ofedwa. Ndipo wofedwa wamkulu pa onse anali pakati pathu. Tinathamangira maliro, namfedwa tinamusiya m'khwawa. Tikanafika pa nthawi yake popanda iye, kodi tikanati tafika? Miyendo ikanafika, koma ulendo ukanalephera.

Maulendo athu ambiri ndi otero. Timapita kumsika kuti banja lidye. Timapita kucipatala kuti munthu akhale ndi moyo. Timapita kuukwati kuti cibale cikule. Ulendo uliwonse ndi wa anthu. Tikataya munthu kuti tipulumutse ulendo, tataya mbeu kuti tipulumutse dengu.

Palinso cina. Pamene tinanyamuka pamodzi m'mudzi, tinapangana pangano ngakhale sitinalichule. Agogo sakanalowa m'khwawa limenelo okha. Analowamo cifukwa anaona ife. Kukhalapo kwathu ndi kumene kunawapatsa mtima. Munthu amene tayamba naye njira yoopsa waika moyo wake m'manja mwathu. Cimodzimodzi mlendo amene tamupeza atagwa m'njira yopanda anthu: ngati ife sitimuona, palibe wina adzamuona. Ngongole yathu siicokera pa zimene iye adzatipatsa. Imacokera pa ici, cakuti pamalo pamenepo alibe wina koma ife.

8. Kutsogola si kusiya

Nanga tsono mau a othamanga aja tiwataya? Iai. Manda anafunikadi kukumbidwa. Mai wobvutika pobereka ayeneradi kufika msanga. Cimene tinalephera kuona n'cakuti kutsogola ndi kusiya ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Wotsogola amatumidwa. Gulu lonse limadziwa kuti wapita, limadziwa cimene wapitira, ndipo limadziwa amene watsala ndi wocedwa. Wosiya amangopita. Wotsogola amanyamula mau a otsala. Wosiya amanyamula thupi lake lokha.

Tsiku lija tikanaima m'tsinde mwa citunda ndi kupangana. Amuna awiri akanatsogola ndi makasu, ndi kukauza eni maliro kuti, “Mlongo wao ali m'njira, dikirani pang'ono.” Mwamuna mmodzi ndi akazi akanatsala ndi agogo. Kamtanga kao akanasenza wina. Kupangana kumeneko kukanadya nthawi yocepa kuposa kumwa madzi. Kusapangana kunatidyera maola awiri, ndipo kukanadya moyo wa munthu. Kuthamanga si kufika.

Kucokera tsiku limenelo, m'mudzi mwathu timacita motere pa ulendo wa m'phiri.

Timanyamuka m'bandakuca, dzuwa lisanalowe m'khwawa.

Timawerengana ponyamuka, ndiponso pa malo alionse opumira.

Wocedwa amayenda kutsogolo, pambuyo pa wodziwa njira. Wamphamvu pa onse amayenda kumapeto. Iye saloledwa kupitirira munthu.

Katundu timagawa monga mwa mphamvu, osati monga mwa mwini.

Madzi ndi a gulu. Sitilola kuti botolo la munthu mmodzi liume ena ali nao.

Ngati pafunika kuti ena atsogole, timanena poyera, ndipo timachula dzina la wotsala ndi wocedwa. Wotsalayo akhale munthu wamkulu. Mwana si mlonda wa nkhalamba.

9. Wocedwa nayenso ali ndi udindo

Tisaganize kuti katundu yense ali pa wamphamvu. Agogo aja anabvomera okha kuti naonso analakwa. Anamva cizungulire kumunsi komwe, koma anacita manyazi kunena. Tinawapempha kamtanga pamene tinali kunyamuka, ndipo anakana.

Wocedwa ayenera kunena zoona za thupi lake. Akatopa anene msanga, asadikire kugwa. Akapemphedwa katundu apereke, cifukwa kukana thandizo pa citunda si ulemu, ndi kunyada. Ngati akudziwa kuti njira yacidule yamupitirira msinkhu, anyamuke dzulo lake pa njira yozungulira. Ndipo ilipo nthawi imene cikondi cimamuuza kuti, “Pitani, ine ndatsala pakhomo.” Pa ulendo wa mai wobvutika pobereka, apongozi ofooka acita bwino kutsala ndi ana, kapena kubwera pambuyo ndi wowaperekeza. Kumeneko si kutayidwa. Ndi kugawana nchito.

Motero funso lathu likuyankhidwa. Gulu liyende pa liwiro la yani? Ngati gulu ndi limodzi, liyende pa liwiro la wocedwa, pakuti wothamanga angathe kucepetsa liwiro lake, koma wocedwa sangathe kuonjeza lake. Ngati nthawi ikukakamiza, gulu ligawike mwa pangano. Koma pasakhale munthu wotsala yekha cifukwa cakuti aliyense anaganiza kuti mnzake akumuona.

10. Pobwerera

Titatha masiku atatu pa maliro tinabwerera pa njira yomweyo. Ulendo uno agogo anali patsogolo ndi ndodo yao. Tinayenda pang'onopang'ono, tikuima kawirikawiri.

Pa mpata paja tinakhalanso pansi pa msuku. Popita tinakhalapo, koma sitinaone kanthu. Tsopano tinaona. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira ndi obiriwira, phiri lonse ngati labvala kapulana watsopano. Kumunsi minda inali yosadwa, kudikira mvula. Kutali, mu utsi wa lupsa, munali kuoneka mapiri a ku Malawi. Ena a ife tinadutsa pamenepo kuyambira ubwana, koma tsiku limenelo ndi pamene tinadziwa cimene alendo amabwerera kucokera kutali.

Agogo anatiloza pamene panali mudzi wa makolo ao. Anatiloza phanga limene anthu anabisalamo nthawi ya nkhondo. Titatsikira m'khwawa, anaima pa mkuyu wina, pamene khwawa limakhota. Anati, “Fukulani apa.” Tinafukula mcenga ndi manja, kuya kwa mkono umodzi. Madzi anayamba kuchera. Malowo anali pamwamba pang'ono pa mwala umene tinawapeza atatsamira. Tonse tinadutsapo ndi ludzu, osadziwa. Amene anali kudziwa ndi yemwe tinamusiya.

Tinamwa, tinadzaza mabotolo, tinawerengana. Tinalipo asanu ndi atatu.

Mafunso okambirana

1. Palibe amene ananena kuti agogo asiyidwe. Nanga zinatheka bwanji kuti asiyidwe?

2. Kodi kutsogola kumasiyana bwanji ndi kusiya?

3. Cifukwa ninji ku Namibia saloleza gulu la anthu ocepera atatu kulowa m'cigwembe?

4. Chulani zizindikiro za munthu amene wapwetekedwa ndi kutentha. Kodi tingamuthandize bwanji?

5. Kodi wocedwa ali ndi udindo wotani kwa anzake?

6. Kodi kwanu kuli njira yoimirira? Fotokozerani anzanu ulendo umene munayendapo, ndi mmene munacitira ndi amene anali kutsalira.